Madzi saiwala khwawa: tiyeze mitsinje tisanathire phula pa M5

Kumapeto kwa February 2024 mvula idagwa mwamphamvu m'boma la Nkhotakota, mtsinje wa Dwangwa n'kusefukira, kumiza nyumba ndi minda m'madera a mafumu Kanyenda ndi Mphonde. Anthu zikwizikwi adathawira m'misasa, ena adamwalira, ndipo msewu wa M5 udaduka moti opulumutsa anthu ankayenda pa maboti. Madzi ataphwa, pempho la aliyense lidali limodzi, loti boma likonze msewu msanga. Pemphelo n'loyenera, koma likakhala lokhalokha limatibwezera pomwe tidali. Pali mafunso amene amafunika kuyankhidwa kontilakitala asanatsitse lole yoyamba ya miyala: madzi adafika msinkhu wanji pa mlatho uliwonse, adathamanga motani, adakumba pansi pa mizati mozama bwanji, ndipo ndi makalavati ati amene adalephera kuwameza? Kuyankha mafunso amenewa ndiye kafukufuku wa zamisewu. Maganizo anga ndi akuti m'mbali mwa nyanja muno ndalama yoyezera mtsinje, dothi ndi katundu wa malole ndiyo imateteza ndalama zonse zothira phula, ndipo dziko losauka ngati lathu ndi lomwe silingakwanitse kumanga mongoyerekeza.

Onani pamene msewuwu udagona. Kuchokera ku Salima kudzera pa Benga, paboma pa Nkhotakota ndi pa Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, M5 udapanikizika pakati pa mapiri kumadzulo ndi nyanja kum'mawa. Mtsinje uliwonse wotsika kumtunda ulibe podzera pena, uyenera kudutsa pansi pa msewuwu: Lifuliza, Kaombe, Bua, Dwangwa, Dwambazi, kuphatikiza khwawa lolumikiza Chia ndi nyanja yaikulu. Bua amayambira ku Mchinji ndipo Dwangwa amachokera ku Kasungu, kotero mvula yogwa kutali, kumene munthu wa ku Nkhotakota sadaione n'komwe, imadzamupeza pa mlatho wa kwawo. Nayo nyanja siikhala pamodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika mpaka madzi kuleka kutuluka kupita mu Shire, mu 1980 idakwera kwambiri, ndipo mu 2024 idakweranso n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete. Nyanja ikakwera, mitsinje imasowa pothira madzi ake mofulumira, imabwerera m'mbuyo n'kudzaza madambo amene msewu udadutsamo. Pa msewu wotere ndi pamene pamayenda shuga wa ku Dwangwa, mpunga wa kusikimu ya Bua, chinangwa, usipa ndi chambo, ndiponso odwala opita kuchipatala chachikulu cha paboma kapena ku St Anne's. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 390,000 m'bomali, ndipo ambiri mwa iwo alibe njira ina yaphula yoyandikira. M18, wopita ku Kasungu kudzera m'nkhalango yosungira nyama, amathandiza wochokera paboma, koma sathandiza wa kutsidya kwa mlatho woduka.

Mlatho samanga ndi maso. Injiniya amayamba wafunsa kuchuluka kwa madzi amene angadutse pamalopo tsiku la chigumula chachikulu, kenaka amasankha kutalika ndi kukwera kwa mlatho. Nthawi zambiri amakamba za chigumula chobwera kamodzi pa zaka 50 kapena pa zaka 100. Ambiri amamva ngati madzi otere akabwera chaka chino ndiye kuti tapuma kwa zaka 50, koma sizili choncho. Tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse pali mpata umodzi mwa 50 woti abwere, ndipo mukawerengera zaka 50 za moyo wa mlatho, mpata woti ukumane nawo kamodzi kapena kuposa umafika pa 64 mwa 100. Manambala amenewa amachokera m'zolembedwa za mvula ndi za msinkhu wa mtsinje za zaka zambiri zotsatizana. Ngati choyezera mtsinje chidakokoloka osabwezeretsedwa, kapena wochiwerenga tsiku ndi tsiku adaleka chifukwa sankalipidwa, injiniya amagwiritsa ntchito manambala akale, a nthawi imene kumtunda kudali mitengo yambiri yogwira madzi. Lero minda yafika m'magombe, mitengo yapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, ndipo mvula yomwe kale inkatsika masiku atatu imatsika usiku umodzi itasenza mchenga ndi zitsa. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 adaonetsa kuchigawo chakum'mwera zomwe zimachitikira milatho yoyezedwa ndi mvula yakale.

Milatho yambiri yogwa ndi madzi sithyoka pamwamba, imagwa chifukwa madzi akumba mchenga pansi pa mizati yake. Dzenjelo silioneka, poti madzi akayamba kuchepa mchenga umabwerera n'kuliphimba, koma mzati umakhala utatsala pang'ono kulendewera. Pa 5 April 1987 mlatho wa pa mtsinje wa Schoharie ku New York udagwa motero, anthu 10 n'kufa. Ofufuza adapeza kuti madzi adadya pansi pa maziko, ndipo zotsatira zake dziko la America lidayamba kuunika milatho yake yodutsa pa madzi kuti lidziwe imene ili pangozi yomweyo. Mitsinje ya ku Nkhotakota ikafika kuchidikha imayenda pa mchenga, imasuntha njira, ndipo ena amakumba mchengawo kukagulitsa kwa omanga nyumba, zomwe zimatsitsa pansi pa mtsinje pafupi ndi mlatho. Kuyeza kuya kwa mtsinje pa mzati uliwonse mvula isanayambe ndiponso itatha sikufuna ndege kapena katswiri wochokera kunja. Kumafuna bwato, chingwe chokhala ndi chitsulo, ndi kaundula wosatayika. Milatho yachitsulo yopapatiza ya mtundu wa Bailey, imene oyenda m'mbali mwa nyanja amaidziwa chifukwa chodikirana pakhomo pake, adaipanga a Donald Bailey ku Britain nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali awoloke msanga. Ndi milatho yabwino pa ntchito yake, koma kwathu yogwirizira imasanduka yamuyaya, ndipo ikakhalitsa imafuna kuunikidwa kawirikawiri kuposa ina.

Madzi ndi mdani woyamba, wachiwiri ndi katundu. Pakati pa 1958 ndi 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, akatswiri adamanga misewu yoyeserera n'kumayendetsapo malole usana ndi usiku mpaka itaphwasuka. Chomwe adapeza chidakali maziko a kamangidwe ka misewu padziko lonse: kuwonongeka kwa msewu kumakula mofulumira kwambiri kuposa kukula kwa katundu. Mukawirikiza kawiri katundu wa pa ekiselo imodzi, msewu suwonongeka kawiri ayi, umawonongeka pafupifupi ka 16. Lole yopyola muyeso ndi 20 pa 100 yokha imadya msewu ngati malole awiri. Apa n'pomwe pamaoneka kuti minibasi, njinga zamoto ndi galimoto zing'onozing'ono siziwerengedwa n'komwe pa nkhani yophwanya phula, ngakhale eni ake ndiwo amathyoketsa masipuling'i m'maenje. Msewu umene umatumikira fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, fakitale ya ethanol yomwe idatsegulidwa mu 1982, ndi malole ena onse amene amasankha njira ya kunyanja pothawa zitunda, uyenera kumangidwa podziwa kulemera kwenikweni kwa zomwe zikudutsa. Sindikunena kuti wina akuphwanya lamulo. Ndikunena kuti popanda sikelo yoikidwa pamsewu kwa masabata angapo m'nyengo zosiyanasiyana, palibe angadziwe, ndipo msewu wolembedwa pa pepala kuti ukhala zaka 20 utha kutha zisanakwane 10.

Wina anganene kuti poti a ku America ndi a ku Ulaya adafufuza kale zonsezi, ife tingotenga mabuku awo. Mbiri ya misewu yathu yomwe ikutsutsa maganizo amenewa. Kwa zaka zambiri miyezo yobwera kuchokera kumayiko ozizira inkakana lubwe, miyala yofiira ija yopezeka m'madera ambiri a dziko lino, kuti ndi wosayenera kukhala pansi pa phula. Omanga ankakakamizika kuphwanya miyala kukwale kapena kusakaniza simenti, zomwe zimakweza mtengo. Kafukufuku wochitika ku Malawi ndi ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, ndi wina amene bungwe la Transport Research Laboratory la ku Britain lidachita m'ma 1990 m'mayiko a kum'mwera kwa Africa kuphatikizapo kuno, adaonetsa kuti lubwe wopondedwa bwino, pa msewu wokhala ndi ngalande zabwino ndi phula lotseka madzi, amapirira zaka zambiri. Kuchokera pa umboni wotere, mu 2013 unduna wa zamtengatenga udatulutsa buku lotsogolera kamangidwe ka misewu yaphula ya kumadera kumene galimoto sizichuluka. Bukuli limadalira chida chosavuta chotchedwa DCP, chomwe ndi ndodo yachitsulo yosongoka yokhomedwa pansi ndi nyundo ya makilogalamu 8. Poona kuti ndodoyo ikulowa motani pa kumenya kulikonse, injiniya amadziwa mphamvu ya dothi pomwepo. Anthu atatu atha kuyenda nacho msewu wonse wa kumudzi. Phindu lake n'lakuti ndalama yomweyo imathira phula mtunda wautali kuposa kale.

Koma phunziro lenileni la nkhaniyi si loti lubwe ndi mankhwala a paliponse. Dothi la ku Lilongwe si la ku Chia. M'mphepete mwa nyanja muli mchenga, muli makande amene amafufuma akamwa madzi n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo madzi apansi amakhala pafupi kwa miyezi yambiri. Msewu wa pa makande umang'ambika m'mbali motsata utali wake chifukwa m'mphepete mumanyowa ndi kuuma pomwe pakati pali chimodzimodzi, ndipo mng'alu ukangotseguka mvula imalowa. Kodi chothandiza n'kukweza msewu, kuthira phula mpaka m'mapewa ake, kusakaniza laimu, kapena kuchotsa dothilo n'kubweretsa lina? Yankho lotsika mtengo limapezeka pomanga zigawo zazifupi zoyeserera, chilichonse mwa njira yake, n'kumaziyeza chaka ndi chaka. Zigawo zotere zikadakhala pa misewu yopita kumadoko a asodzi ndi kuminda ya mpunga, bwenzi khonsolo ya boma ikudziwa pothira ndalama zake zochepa m'malo mopala msewu womwewo ndi giredala chaka chilichonse.

Chitsutso chomwe chimamveka kwambiri ndi chakuti anthu sadya kafukufuku. Mayi amene wagona pa mlatho woduka ali ndi dengu la nsomba zoyamba kununkha safuna lipoti, akufuna kuwoloka. Izi n'zoona, ndipo pa tsiku la ngozi palibe woganiza bwino anganene kuti tiyambe taphunzira. Komabe ndi mayi yemweyo amene amalipira umbuli wathu kawiri, koyamba nsomba zikaola, kachiwiri pa mtengo wa thiransipoti, popeza ndalama zokonzera misewu zimachokera pa msonkho wa pa lita iliyonse ya mafuta. Mu 1988 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idatulutsa lipoti lonena kuti mayiko 85 osauka adataya misewu ya ndalama pafupifupi madola 45 biliyoni m'zaka 20 chifukwa chosaisamala, pomwe kuisamala pa nthawi yake kukadadya ndalama zosafika madola 12 biliyoni. Msewu waphula umaoneka wabwino kwa zaka zingapo, kenaka umagwa mwadzidzidzi. Nthawi yoyenera kuthira phula lina pamwamba ndi pamene ming'alu yangoyamba, maenje asanaoneke, ndipo nthawiyo amaidziwa ndi woyeza yekha. Wandale amaona msewu ukakhala ndi maenje, pamenepo n'kuti mtengo wokonzera utakwera kale kangapo.

Chitsutso china n'cholemera kuposa apa, ndipo ndikuchivomereza mbali yaikulu: kafukufuku amachitika kale, koma malipoti amangodya fumbi. Ntchito iliyonse yaikulu ya msewu imayamba ndi akatswiri olembedwa ganyu amene amayeza dothi, kuwerenga galimoto, kulemba mabuku okhuthala, kulandira malipiro n'kubwerera kwawo. Vuto la kafukufuku wotere n'lakuti amatha tsiku lodula riboni, pomwe mafunso ofunika amayamba tsiku lotsatira. Kodi malole adachuluka monga adalosera? Kodi kalavati imene adati ikwana idakwanadi? Ngati palibe wobwerera kukaona patatha zaka 3, 5 kapena 10, cholakwa chomwecho chimakoperedwa mu ntchito yotsatira. Mankhwala ake si kuleka kufufuza, koma kupatsa ntchitoyi eni ake okhazikika. Malamulo a 2006 adakhazikitsa Roads Authority yoyang'anira misewu ndi Roads Fund Administration yosunga thumba la ndalama. Unduna uli ndi labotale yoyezera zipangizo ku Lilongwe. Sukulu ya MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, imaphunzitsa mainjiniya chaka ndi chaka, ndipo ophunzira ake amafuna mitu ya kafukufuku womalizira maphunziro. Kagawo kakang'ono kokhazikika ka ndalama za thumba la misewu, kotetezedwa ndi lamulo kuti kasabwerekedwe, kangathe kulumikiza onsewa, zotsatira zake n'kumasindikizidwa poyera, m'Chichewa momwe, kuti khansala ndi mfumu aziwerenga.

Ena amati nkhani si kusowa nzeru koma katangale: phula lopyapyala ngati chikopa cha anyezi, dothi losapondedwa, simenti yochepetsedwa. Ngati zili choncho, kuyeza kukufunika koposa. Munthu sungamutsutse ndi mawu akuti msewu ukuoneka wosalimba. Umamutsutsa ndi chidutswa cha phula chobooledwa pamsewu n'kuyezedwa ndi rula, ndi manambala a kupondeka kwa dothi pa kilomita iliyonse, olembedwa ndi munthu amene salipidwa ndi womangayo. Kumene kulibe miyeso, msewu ukaphwasuka aliyense amaloza mvula, ndipo mvula siyankha. Kuyeza kumatetezanso womanga wachilungamo, amene nthawi zina amadzudzulidwa pomwe cholakwa chidali m'mapulani kapena m'malole opyola muyeso.

Pali mbali ina imene imaiwalika chifukwa imabwera ndi msewu wabwino. Maenje akatha, liwiro limakwera, ndipo M5 ndi msewu umene anthu amakhala m'mbali mwake penipeni. Pa Benga, pa mlatho wa Chia pomwe ogulitsa nsomba amathamangira galimoto iliyonse yoima, paboma ndi pa Dwangwa, msewu ndiwo msika, ndiwo siteji ya akabaza, ndiwo njira ya ana opita kusukulu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro likakwera ndi gawo limodzi pa 100, ngozi zakupha zimachuluka ndi magawo 4 pa 100, ndipo woyenda pansi wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pangozi yomwalira kanayi ndi theka kuposa wogundidwa pa makilomita 50. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend lidayamba ndi kufufuza sukulu zimene ana ake ankagundidwa kwambiri, kenaka lidaika mahampu, powolokera ndi tinjira ta oyenda pansi pamalo omwewo, ndipo kafukufuku wotsatira adapeza kuti kuvulala kudatsika ndi pafupifupi kota. Kwathu mahampu kawirikawiri amabwera mwana atafa kale, anthu atakwiya n'kukumba msewu okha. Apolisi a pamsewu ali ndi kaundula wa ngozi, zipatala zili ndi wa ovulala. Kuika mabuku awiriwa pamodzi n'kulemba pa mapu malo enieni a ngozi ndi ntchito ya miyezi yochepa, ndipo ingauze omanga pofunika mapewa otakata a njinga ndi poimikira minibasi msewu usanathe.

Pofufuza zonsezi, anthu a m'midzi asamatengedwe ngati ongoitanidwa kumsonkhano kuti asayine. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo amene amakumbukira makwawa akale ndi agogo amene adalima dambo limenelo msewu usanabwere, ndi asodzi amene amadziwa pamene nyanja idafika mu 1980. Msewu wokwezedwa pa chidikha umagwira ntchito ngati damu: ukakhala ndi makalavati ochepa, umapulumuka wokha n'kumiza mudzi wa kumtunda kwake, kapena umasonkhanitsa madzi onse pa kalavati imodzi n'kukumba chigwembe m'munda wa munthu wa kumunsi. Injiniya wobwera mu August, kunja kuli gwaa, sangazione zimenezi. Mzere wamatope umene chigumula chimasiya pa khoma la sukulu kapena pa thunthu la mtengo wa mango ndi umboni wa mtengo wapatali kwa wowerengera madzi, koma umafufutika pakapita miyezi yochepa. Makomiti a chitukuko a m'midzi atapatsidwa penti ndi kabuku, atha kulemba mizere imeneyi ndi tsiku lake chaka chilichonse, ndipo m'zaka 10 boma la Nkhotakota lingakhale ndi mbiri ya madzi imene ofesi iliyonse ya ku Lilongwe ingaisirire.

Chigawo cha M5 chochokera pa Benga kukafika pa Dwangwa chidapeza thandizo la ndalama kuchokera ku African Development Bank kuti chimangidwenso, ndipo mwayi wa ndalama zotere subwera kawirikawiri pa msewu umodzi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomali, makhansala ndi mafumu ali ndi ufulu wofunsa a Roads Authority mafunso olunjika, ndipo ayenera kuyankhidwa polemba. Afunse ngati kukula kwa milatho ndi makalavati kudawerengedwanso poganizira madzi a February 2024 ndi kukwera kwa nyanja kwa chaka chomwecho. Afunse kuti malole adzayezedwa pati, kuti ana a sukulu za m'mbali mwa msewu adzawolokera pati, ndiponso kuti ndi ofesi iti, ndi ndalama ziti, imene idzabwere ndi bwato ndi chingwe pa mlatho wa Bua ndi wa Dwangwa mwezi wa May uliwonse, omanga atapita.